Anthu Otsika Kumwamba: Akaidi a m'Ndende ya Rangoon

Kaŵirikaŵiri dzuŵa likapendeka, anthu a ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe amamva mkokomo wa ndege imene ikutsika pang'onopang'ono kulunjika ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Ana amene akumenya mpira wachikulunga pafupi ndi msika wa Nsungwi amayamba aima, n'kuloza kumwamba, koma amai ogulitsa tomato ndi usipa sadzutsa n'komwe mutu, pakuti adazoloŵera. Kwa anthu onseŵa ndege ndi chinthu cha mtendere. Imabwera ndi alendo, imabwera ndi katundu, ndiponso imabweretsa abale ochokera ku Joni.

Komatu padali mbadwo wina wa amuna a dziko lino umene udaidziŵa ndege mwa njira ina. Ameneŵa ndi asilikali a King's African Rifles, kapena kuti K.A.R., amene m'chaka cha 1944 adakamenya nkhondo m'nkhalango za dziko la Burma, limene masiku ano likutchedwa Myanmar. Kwa iwo mkokomo wa kumwamba unkatanthauza chimodzi mwa zinthu ziŵiri: chakudya kapena imfa. Nkhani ya lero ikunena za anyamata a ku America amene ankakhala m'kati mwa ndege zoponya mabomba pa nkhondo imeneyo, makamaka amene ndege zawo zidawomberedwa, iwo n'kugwa amoyo m'manja mwa adani. Ikunenanso za m'mene ulendo wapansi wa asilikali a kuno udathandizira kuti tsiku lina zitseko za ndende yawo zitsekuke. Ndipo pansi pa zonsezi pagona funso lovuta: kodi munthu amene m'maŵa ankathira moto pa mudzi wa anzake, koma madzulo ali gone pansi wopanda chida, ayenera kumchita zotani?

Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse idabuka ku Europe mu 1939, koma America idaloŵamo pambuyo pa tsiku la 7 Disembala 1941, pamene ndege za Japan zidaphulitsa zombo zake pa doko la Pearl Harbor. Patangopita milungu iŵiri, pa 23 Disembala, ndege za Japan zidaponya mabomba pa Rangoon, likulu la Burma, mzinda umene lero ndi Yangon, ndipo anthu wamba oposa 1,000 adafa. Pa 8 Malichi 1942 mzindawo udagwa m'manja mwa Ajapani. Nthaŵi imeneyo Burma idali pansi pa ulamuliro wa Britain monga idaliri Nyasaland. Ajapani ankaifuna chifukwa cha mpunga ndi mafuta ake, komanso kuti atseke mseu umene zida zinkadzera popita ku China. Asilikali a Britain adathaŵira ku India, ndipo pakati pa magulu aŵiriwo padatsala mapiri, nkhalango ndi mitsinje ikuluikulu.

Popeza pansi padalibe podzera, nkhondo idayamba yadzera mumlengalenga. A ku America adakhazikitsa ku India gulu lawo la ndege lotchedwa Tenth Air Force. Ndege yawo yodalirika idali B-24 Liberator, ya mainjini anai, imene kaŵirikaŵiri inkanyamula amuna khumi: oyendetsa aŵiri, woloza njira, woponya mabomba, wa wailesi, wosamala mainjini, ndi ena ogwira mfuti kumchira, kumimba ndi m'nthiti mwa ndegeyo. Ambiri mwa iwo adali anyamata ongopitirira kumene zaka 20, a msinkhu wa ophunzira a pa koleji ya aphunzitsi ya ku Area 25 komweko. Adali ana a alimi, a amisiri ndi a eni masitolo, ndipo ambiri sadamvepo dzina la Burma nkhondo isanayambe.

Ntchito yawo idali kuphwanya doko la Rangoon, malo okonzera mainjini a sitima zapamtunda ku Insein, ndiponso milatho ya njanji. Njanji yoopsa koposa idali ya makilomita 415 yolumikiza Thailand ndi Burma, imene Ajapani adaimanga mu 1942 ndi 1943 pogwiritsa ntchito anthu ogwidwa. Pa ntchito imeneyo padafa akaidi a pa nkhondo pafupifupi 12,000 ndi anthu wamba a ku Asia pafupifupi 90,000. Amene adamvapo kwa makolo awo za mtengatenga wa pa nkhondo ya 1914, pamene amuna a m'midzi ya kuno ankagwidwa kuti akasenze katundu wa asilikali, angathe kumvetsa mtundu wa thangata limeneli. Koma Ajapani nawo sadagone tulo. Rangoon idazingidwa ndi mizinga yolozetsa kumwamba ndi ndege zaliŵiro zothamangitsa adani. Pa 1 Disembala 1943, pa ulendo umodzi wokha wokaphulitsa Insein, ndege 6 za B-24 sizidabwerere kwawo.

Ndege ikagwira moto, aliyense ankadziponya kunja atamangirira palachuti, chiambulera chachikulu chansalu chimene chimamtsitsa munthu pang'onopang'ono. Mphindi zoŵerengeka zimenezo zinkasintha zonse. Munthu amene posachedwa adali pamwamba pa mitambo, wosaona nkhope ya aliyense amene bomba lake linkamugwera, tsopano ankatera m'munda wa mpunga, mwina atapsa kapena atathyoka mwendo, osadziŵa chinenero cha eni nthaka. Anthu a m'midzi nawo ankagwira njakata. Kumubisa mlendoyo kudali kuitanira mudzi wonse tsoka, pakuti Ajapani sankachedwa kulanga. Kumupereka kudali kumuponya m'kamwa mwa fisi. Ena adalimba mtima n'kubisa, ena chifukwa cha mantha kapena mkwiyo wa mabomba adapereka. Wogwidwayo ankayamba wapita kwa apolisi a gulu lankhondo la Japan otchedwa Kempeitai, amene ku Rangoon ankasunga anthu m'nyumba ya makhoti, n'kumaŵafunsa ndi ndodo za kumene ndege zinkachokera ndi kuchuluka kwake.

Nkhani ya akaidi a pa nkhondo si yachilendo kuno. M'mwezi wa Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi ya Guendolen, yotsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene idali pamtunda ikukonzedwa pa doko la Sphinxhaven, kutsidya kwa nyanja ya Malaŵi, pamene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Kaputeni Berndt wa sitima ya Ajeremaniyo adali bwenzi la Rhoades, ndipo sadadziŵe n'komwe kuti nkhondo yayamba. Adapalasa bwato kudzafunsa chimene chamuloŵa mnzakeyo, ndipo adangouzidwa mwaulemu kuti tsopano ndi mkaidi. Mzinga wa Guendolen udaikidwa ngati chikumbutso ku Mangochi. Mwambo wotere, wakuti mdani akagonja asaphedwe kapena kuzunzidwa, ndiwo udalembedwa m'pangano la ku Geneva la 1929. Panganolo lidati mkaidi adyetsedwe, apatsidwe mankhwala, aloledwe kulandira makalata, ndipo asakakamizidwe kuulula zinsinsi. Japan idasaina panganolo, koma boma lake silidalivomereze kuti likhale lamulo. Asilikali ake ankaphunzitsidwa kuti kugwidwa wamoyo n'kochititsa manyazi kuposa imfa, motero mkaidi ankamuona ngati munthu wotaya yekha ulemu wake.

Kwa anthu a m'ndege zinthu zidanka ziipiraipira chifukwa cha zimene zidachitika pa 18 Epulo 1942. Tsiku limenelo ndege 16 za mtundu wa B-25, zonyamula amuna 80 motsogozedwa ndi James Doolittle, zidanyamuka pa sitima yankhondo ya Hornet m'nyanja ya Pacific, n'kukaponya mabomba pa Tokyo, Nagoya ndi mizinda ina. Kadali koyamba kuti mizinda ya Japan ilaŵe mabomba, ndipo anthu pafupifupi 50 adafa, ena mwa iwo anthu wamba. Mafuta atatha, ndege zambiri zidakagwera ku China, kumene alimi adabisa ndi kuperekeza ambiri mwa anyamatawo. Pobwezera, asilikali a Japan adapha anthu a ku China zikwi zambirimbiri. Amuna 8 adagwidwa. Pa 13 Ogasiti 1942 akuluakulu a nkhondo a Japan adakhazikitsa lamulo lakuti mdani wa m'ndege woponya mabomba pa anthu wamba angathe kuphedwa, ndipo lamulolo adalibwezera m'mbuyo kuti ligwire mlandu umene udachitika ilo lisanabadwe. Mlandu udazengedwa ku Shanghai m'chinenero chimene oimbidwa mlanduwo sankamva. Pa 15 Okutobala 1942 Dean Hallmark, William Farrow ndi Harold Spatz adawomberedwa. Wachinai, Robert Meder, adafa ndi njala ndi matenda m'ndende mu Disembala 1943.

Mzimu wa lamulo limenelo udafika mpaka ku Rangoon. Ndende yaikulu ya mumzindawo idamangidwa ndi Angerezi eniake kuti azitsekeramo akuba ndi opha anthu. Maonekedwe ake adali ngati gudumu la njinga: pakati padali nsanja ya madzi, ndipo midadada ya zipinda inkatambasuka kuchokera pamenepo ngati masipoko. Mitundu idalekanitsidwa, Amwenye kwaokha, Matchaina kwaokha, Azungu kwaokha. Akaidi ambiri ankatuluka kukagwira ntchito pa doko kapena kukakumba maenje obisalamo. Ngakhale ntchitoyo idali yakalavulagaga, iwo ankaona dzuŵa, ndipo mwa apo ndi apo ankapeza kachakudya kobisa m'chiuno. Koma anthu a m'ndege ankaŵerengedwa ngati zigaŵenga, osati asilikali. Ankatsekeredwa mu mdadada wachisanu, m'tizipinda ta munthu mmodzi m'mene nthaŵi zina ankapanikizamo atatu. Kulankhula kudali koletsedwa. Mlonda akamadutsa, mkaidi ankayenera kudzambatuka n'kuŵerama, ndipo wochedwa ankalandira ndodo. Wofika ndi mabala a moto ankangosiyidwa choncho, mabalawo n'kumanyeka.

Mdani wamkulu m'ndendemo adali njala. Chakudya chidali kampunga koyera kodzaza anankafumbwe ndi msuzi wamadzimadzi wa masamba. Mpunga wopunthidwa mpaka kuyera umakhala utataya mphamvu yake imene imakhala m'madeya, monga momwe ufa woyera umachepera thanzi pouyerekeza ndi mgaiwa. Munthu wodya mpunga wotere wokhawokha amagwidwa ndi matenda a beriberi, amene amatupitsa miyendo ndi kufooketsa mtima. Pamwamba pa apo padali kamwazi, malungo ndi zilonda zosapola. Madokotala amene adali akaidi anzawo, monga Colonel MacKenzie wa gulu lankhondo la Britain, ankagwira ntchito popanda mankhwala okwanira, ndipo nthaŵi zina ankachita opaleshoni popanda choletsa ululu. Iwo ankalimbikitsa akaidi kudya phala la madeya a mpunga. Chinthu chimene kuno amadyetsera nkhuku ndi nkhumba chidasanduka mankhwala opulumutsa moyo.

Mutu umodzi susenza denga. Amene adapulumuka m'tizipinda tija adapulumuka chifukwa chogwirana manja: wamphamvu ankadyetsa wofooka, ndipo nkhani za m'mene nkhondo inkayendera zinkanong'onedwa kuchokera pa chipinda china kupita pa chinzake, makamaka pakabwera mkaidi watsopano. Komabe ambiri sadatulukemo. Nkhondo itatha, khoti la maiko ambiri limene lidakhala ku Tokyo lidamva kuti mwa akaidi 100 aliwonse a maiko a Azungu amene adali m'manja mwa Japan, 27 adafa, pamene mwa akaidi a Britain ndi America amene adali m'manja mwa Germany ndi Italy, adafa ndi 4 okha. Izi sizitanthauza kuti Ajeremani adali achifundo kwa aliyense, pakuti mwa akaidi a ku Soviet Union amene iwo adagwira, oposa theka adafa.

Nthaŵi yonseyi, kutali ndi makoma a ndendeyo, amuna a ku Nyasaland adali pa ulendo wolunjika komweko. Oposa 25,000 adalembedwa usilikali pa nkhondo imeneyi, ochokera ku Zomba, Mulanje, Dedza, Mzimba ndi maboma ena. Ena adaloŵa pofuna malipiro, ena chifukwa mafumu awo adapanikizidwa ndi boma kuti apereke anyamata. Bataliyoni yachiŵiri ya K.A.R. idamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland mu Ogasiti 1940. Ena adamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941 ndi ku Madagascar mu 1942. Mu 1943 adaoloka nyanja kupita ku Ceylon, lero Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Pakati pa 1944, Ajapani atagonja ku Imphal ndi ku Kohima m'malire a India, General William Slim adaganiza zoŵathamangitsa osadikira kuti dzinja lithe. Ntchito imeneyi idagwera gulu la 11th East African Division, momwe mudali mabataliyoni a Nyasaland a nambala 2, 13 ndi 22, pamodzi ndi anzawo a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia.

Njira yawo idadzera m'chigwa cha Kabaw, chimene asilikali adachitcha chigwa cha imfa chifukwa cha malungo ake. Adaloŵamo mu Ogasiti 1944 mvula ili mkati. Mvula ya kumeneko imagwa usana ndi usiku kwa miyezi. Miseu idasanduka phala, magalimoto adatitimira, mitsinje idakokolola milatho, ndipo misundu inkaloŵa mpaka m'nsapato. M'mbali mwa njira ankapeza mitembo ya asilikali a Japan amene adafa ndi njala pothaŵa, koma otsala amoyo ankabisala m'maenje pamwamba pa zitunda n'kumamenya nkhondo mpaka munthu wotsiriza. Popeza galimoto sinkafika, chakudya, zipolopolo ndi mankhwala zinkachokera kumwamba. Ndege za mtundu wa Dakota, zina zoyendetsedwa ndi a ku America, zina ndi a ku Britain, zinkauluka chapansipansi pakati pa mapiri ndi mitambo n'kumaponya matumba. Motero mnyamata wa ku Texas ndi mnyamata wa ku Ntcheu, osadziŵana maina, ankadalirana: wina akapanda kuuluka, mnzake ankagona ndi njala.

Pa 2 Disembala 1944 asilikali a ku Africa adalanda Kalewa, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Chindwin, ndipo adaoloka kukateteza tsidya linalo. Pa 10 Disembala amisiri adamaliza kuyala mlatho woyandama wautali mamita oposa 350, ndipo khomo loloŵera m'kati mwa Burma lidatsekuka. Kuchokera pa Kalewa kukafika ku Rangoon padali mtunda wa makilomita pafupifupi 700, ngati kuchoka ku Karonga kukafika ku Chikwawa. Patangopita masiku anai, pa 14 Disembala, ndende ya Rangoon idalandira alendo ena. Ndege zikuluzikulu za B-29 zidapita kukaphulitsa mlatho ku Bangkok, koma zitaupeza utaphimbidwa ndi mitambo zidakhotera ku Rangoon. Pamene zinkataya mabomba, mabomba ena adawombana mumlengalenga n'kuphulika pansi pa ndege zomwezo. Ndege 4 zidaonongeka, ndipo opulumuka amene adatera pafupi ndi mzindawo adagwidwa. Ameneŵa sadagwetsedwe ndi mdani koma ndi katundu wawo yemwe.

Chaka cha 1945 chitayamba, asilikali a Slim adadzera pa khomo lija n'kusefukira m'zigwa. Meiktila idagwa kumayambiriro kwa Malichi, Mandalay pa 20 Malichi. M'mbali mwa nyanja, ku Arakan, bataliyoni yoyamba ya Nyasaland inkamenya nawo nkhondo. Tsopano udali mpikisano ndi mvula, pakuti Rangoon idayenera kulandidwa dzinja lina lisanayambe. Ajapani ataona kuti madzi afika m'khosi, adakonza zothaŵa. Pa 25 Epulo adatulutsa m'ndende akaidi pafupifupi 400 amene ankaoneka kuti angathe kuyenda, n'kuyamba nawo ulendo wapansi wolunjika cha ku Pegu, mtunda wofanana ndi wochoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza. Ankayenda usiku, masana n'kubisala poopa ndege. Ambiri adalibe nsapato, ndipo ena amene adalefuka n'kutsalira m'mbuyo sadaonekenso.

M'maŵa wa pa 29 Epulo, mkulu wa alonda ataona kuti akaidiwo akumuchedwetsa ndipo adani ayandikira, adaŵamasula. Brigadier Clive Hobson, mkulu wa akaidi onse, ndiye adaŵauza kuti tsopano ndi mfulu. Chimwemwe chidali chosasimbika, koma sichidakhalitse. Akaidiwo adayala nsalu pansi ngati chizindikiro kuti ndege za anzawo ziŵaone. Oyendetsa ndege ataona gulu la anthu, ena atavala zovala zimene Ajapani adaŵapatsa, adayesa ndi adani, ndipo adatsika n'kuyamba kuwombera. Hobson adafera pomwepo, patangopita maola ochepa chilandirire ufulu. Anyamata a ku America amene adali m'gululo adaona ndi maso awo m'mene ndege imaonekera kwa munthu amene ali pansi. Usiku womwewo otsalawo adakumana ndi asilikali a Britain ndipo adapulumuka.

Amene adatsala m'ndende, odwala ndi olumala, adadzuka n'kupeza alonda atasoŵa, atasiya kalata pachipata yoŵauza kuti ndi mfulu. Lionel Hudson, woyendetsa ndege wa ku Australia amenenso adali mkaidi, adatenga utsogoleri. Nkhaŵa yawo tsopano idali mabomba a anzawo, amene sankadziŵa kuti mdani wachoka mumzinda. Motero adakwera padenga n'kulemba ndi laimu zilembo zikuluzikulu zonena kuti Ajapani apita. Oyendetsa ndege adaŵerenga, koma adakayika poyesa kuti ndi msampha. Apo akaidiwo adaonjezapo mau ena aŵiri achipongwe, odziŵika kwa anthu a m'ndege za Britain okha, otanthauza kuti aleke kuzengereza. Mau ameneŵa Mjapani sakadaŵadziŵa. Pa 2 Meyi woyendetsa ndege wina, Wing Commander Saunders, adatera pa bwalo la Mingaladon, n'kuyenda pansi mpaka kundende, kenaka n'kutsika mtsinje pa bwato kukauza zombo kuti mzinda uli pululu. Pa 3 Meyi 1945 asilikali a ku India adaloŵa mu Rangoon popanda kuwomba mfuti, mvula itayamba kale. Asilikali a kuno sadafike pachipata cha ndendeyo, koma njira imene ufulu udadzera adailambula ndi iwo, m'matope a ku Kabaw.

Tsono funso lija libwerenso. Kodi Ajapani ankanama ponena kuti mabomba ankapha anthu osalakwa? Iyai, sankanama. Mabomba a ku America adapha alimi ndi ana ku Burma, ndipo usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 1945 ndege za B-29 zidatentha Tokyo, anthu pafupifupi 100,000 n'kupsa. Bomba la ku Hiroshima la pa 6 Ogasiti 1945 silidasankhe n'komwe mtundu, pakuti lidaphanso akaidi 12 a ku America, anthu a m'ndege amene ankasungidwa mumzindawo. Mkwiyo wa munthu amene nyumba yake yapsa ndi womveka. Koma mkwiyo si chiŵeruzo. Amene ankalanga anyamata aja chifukwa choponya mabomba pa anthu wamba ndi omwewo amene adachita zomwezo ku Rangoon ndi ku Chongqing. Ndipo njala ndi ndodo za mu mdadada wachisanu sizinkafunsa kuti walakwa ndani. Zinkagwera woyendetsa ndege ndi wokonza injini chimodzimodzi. Ngati msilikali wapalamula, pali bwalo, pali mboni, pali womuimira. Kumzunza munthu womangidwa sikudzutsa wakufa. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe: mtundu umene uzunza akaidi a anzake ukusula mkondo umene udzalasa ana ake omwe.

Mu 1946 khoti la asilikali ku Rangoon lidazenga milandu akuluakulu a ndende ija. Koma phunziro lalikulu lidalembedwa ku Geneva pa 12 Ogasiti 1949, pamene maiko adakonzanso mapangano a nkhondo. Pangano lachitatu likuti mkaidi akakamizidwa kunena zinthu zinai zokha: dzina lake, udindo wake, tsiku lake lobadwa ndi nambala yake ya usilikali. Likuletsa kumzunza, kumnyoza kapena kumuonetsa ku gulu ngati nyama yogwidwa pa uzimba. Likuti akaimbidwa mlandu aŵeruzidwe mwachilungamo, ndipo nkhondo ikatha abwezedwe kwawo msanga. Mu 1977 adaonjezapo kuti munthu amene akutsika pa palachuti kuchokera m'ndege yoonongeka asawomberedwe. Dziko la Malaŵi lidavomereza mapangano a 1949 m'chaka cha 1968. Nkhaniyi si ya Azungu okha ai. Asilikali a Malaŵi adatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire mu 2011 ndi kuvuma kwa Democratic Republic of the Congo mu 2013, ndipo ena adatsikira kuli chete komweko. Lamulo limene limaŵauza m'mene angasungire mdani wogwidwa ndi lomwenso makolo awo amadalira mwana wawo akagwa m'manja mwa ena.

Mwa anyamata 8 a Doolittle aja, anai adatuluka amoyo mu Ogasiti 1945. Mmodzi, Jacob DeShazer, woponya mabomba, adakhala m'ndende miyezi 40, yambiri ali yekhayekha. Iye mwini adasimba kuti poyamba mtima wake udadzaza chidani, koma udatembenuka ataŵerenga Baibulo limene alonda adambwereka kwa milungu itatu. Mu 1948 adabwerera ku Japan ngati mmishonale, adakhalako zaka pafupifupi 30, ndipo adayambitsa mpingo ku Nagoya, mzinda womwe adauponyera mabomba. Si onse adatha kukhululuka chotero, ndipo palibe angaŵadzudzule. Ambiri adabwerera kwawo ndi matupi oonongeka ndi maloto oipa amene sadaŵasiye mpaka imfa.

Asilikali a Nyasaland nawo adabwerera, ambiri mu 1946, atanyamula mamendulo ndi kandalama kochepa, n'kukagwiranso khasu. Ena sadabwerere. Ku manda a asilikali a Taukkyan, kunja kwa Yangon, maina a ana a ku Africa adalembedwa pa miyala pamodzi ndi a ku India ndi a ku Britain. Kuno chikumbutso chawo ndi chipilala cha K.A.R. ku Zomba ndi nsanja ya pafupi ndi Capital Hill mu Lilongwe, kumene nkhata za maluŵa zimaikidwa mwezi wa Novembala. Kuchokera ku Area 25 kukafika pa nsanja imeneyi ndi ulendo waufupi wa pa minibasi. Makolo ndi aphunzitsi angachite bwino kupita nawo ana kumeneko, ndipo ndege ikamadutsa kulunjika ku Lumbadzi, aŵauze anawo kuti padali nthaŵi imene mkokomo womwewo unkadyetsa agogo awo m'nkhalango, unkapha anthu m'midzi, ndiponso unkagwetsa pansi anyamata amantha, ovulala, amene moyo wawo unkadalira mtima wa munthu woyamba kuŵapeza.